Supuni Zisanu za Mchere

Ku Amasra kwathu kuno, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, mwana wamkazi sapemphedwa ukwati Lolemba. Palibe buku lomwe linaletsa, koma Lolemba anthu amakhala ndi zochita, ndiye sipapezeka woima pazenera kuwerenga alendo. N'chifukwa chake a Hikmet anasankha Lamlungu kuti anthu a kumapiri atsike kudzapempha mwana wawo, Perihan.

A Hikmet anagwira ntchito zaka makumi atatu akung'amba matikiti pakhomo la nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana. Atapuma pantchito anatulukira kuti ndi katswiri wa mbiri yakale, ndipo kuyambira tsiku limenelo linga lozungulira tauni yathu amalikamba ngati kuti anathandiza nawo kusenza miyala yake.

Perihan ndi mwana wawo yekhayo. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo zisanu ndi zitatu mwa zakazo anazithera pambali pa bedi la mayi ake, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa msuzi. Anzake akukwatiwa, iye ng'oma zake ankazimvera pazenera. Mayiwo atamwalira tonse tinati basi, ameneyu akalambira pakhomo pa bambo ake.

Kenako kunayamba kutsika Nedim, mlimi wa njuchi wa ku Yelkaya, mudzi wa pamwamba pa mapiri otitchinga kumbuyowa. Ankabwera kumsika Lachiwiri lililonse ndi mabotolo a uchi wowawirira wa m'nkhalango. Perihan, yemwe uchi saukonda, anagula mabotolo khumi ndi anayi m'miyezi itatu. Ndi mmene tinadziwira.

Loweruka madzulo awiriwa analemberana pafoni.

"Malaya ndasita kawiri," analemba Nedim.

"Bambo ati muyambe mwayendera linga musanalowe m'nyumba."

"Nanga mawondo a mayi anga?"

"Ndawauza. Ati wofuna kulowa m'banja lino adziwe kaye komwe akulowa."

"Chabwino. Koma iwe, mchere uike pang'ono."

"Ukuopa?"

Foni inaonetsa kuti Nedim akulemba. Inaonetsa choncho nthawi yaitali, n'kusiya, n'kuyambanso. Uthenga utafika unali wa mawu awiri okha: "Ayi. Mawa."

* * *

Alendo anafika teni koloko pa minibasi yahayala: Nedim, mayi ake amasiye a Sabahat, ndi amalume ake a Remzi omwe anabwera ngati nkhoswe. Nedim ananyamula maluwa. A Remzi anakumbatira thireyi ya chokoleti ngati khanda. A Sabahat anali ndi mawondo awo, ndipo amenewo anali katundu wokwanira.

A Hikmet anawachingamira pamlatho wakale wamiyala, ali m'suti ndi chipewa ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

"Takulandirani. Mlatho mwaimapowu mafunde akhala akuumenya zaka zoposa chikwi."

"Ndiye ndi wolimba," anatero a Remzi.

"Ndemanga ndi mafunso, pamapeto."

Anawaonetsa chipata choyamba, chipata chachiwiri, ndi mwala wogobedwa zizindikiro za amalonda akunja omwe ankalamulira doko lathu kalekale. Chokoleti chinayamba kusungunuka. Atakwera makwerero makumi asanu ndi limodzi, a Sabahat anangokhala pansi n'kuyamba kusisita bondo.

"Mayi, mwala mwakhalirawo ndi wa Aroma."

"Akabwera ndiwasunthira."

A Hikmet anatembenukira kwa Nedim kuti apeze womvera wabwinopo. Anamupeza atatsamira khoma, thukuta kamukamu, milomo itauma.

"Mnyamata wa kumapiri n'kumapuma ngati mvukuto pa timakwerero iti?"

"Ndi sutiyi, bambo. Sindinaizolowere."

A Sabahat anayang'ana mwana wawo kanthawi, kenako anaponya maso kumusi komwe nyanja yazungulira tauni mbali zonse ziwiri.

"Madzi onsewa," anatero, "osathirira nawo ngakhale kabichi mmodzi."

* * *

Kukhitchini Perihan anali ndi Nurten, mnzake wa kusukulu yemwe amagulitsa m'sitolo ya mankhwala kuseri kwa mzikiti. Nurten ndi mkazi wokongola, ndipo amadziwa matenda a munthu aliyense m'tauni muno ndi m'midzi yozungulira. Anthu amati uchi wa Nedim anayamba kuugula ndi iyeyu Perihan asanauone n'komwe, ndiponso kuti iye uchiwo amaukondadi.

Mwambo wake ndi wodziwika. Mtsikana amaphikira alendo khofi, koma m'kapu ya mwamuna womufunayo amathiramo mchere m'malo mwa shuga. Mwamunayo akamwa mpaka pansi osakwinya nkhope, ndiye kuti za m'banja adzazipirira. Makapu akatha m'pamene nkhoswe imatsegula pakamwa.

"Waika zingati?" anafunsa Nurten.

"Theka la supuni. Anati ndiike pang'ono."

"Theka? Iwe, ukukwatiwa kapena ukuphikira wodwala phala?"

"Usandisokoneze, thovu lindithera."

"Achemwali anga anaika zinayi, ndi tsabola pamwamba. Alamu anamwa n'kunyambita milomo. Anthu ali m'mazenerawo mawa adzandifunsa kuti waika zingati. Ndidzati theka? Adzati Perihan anaopa kuti mwamuna athawa, poti wabwerapo ndi yekhayo."

Perihan anaima ndi supuni m'manja. Mawu amenewo anali asanawamvepo pakamwa pa munthu, koma anali atawaona m'maso mwa amayi ambiri kumsika.

"Werenga," anatero.

"Imodzi. Ziwiri. Imeneyo sinadzaze. Zitatu. Zinayi."

Yachisanu anathira Nurten yekha, akuseka, n'kumukonzera Perihan kolala ya diresi ngati mnzake weniweni.

* * *

Pabalaza alendo anali atavula nsapato, atathiridwa m'manja madzi onunkhira mandimu, ndipo a Hikmet anali atafika pa mutu wachitatu wa buku lawo lomwe mpaka lero silinasindikizidwe. Perihan analowa ndi thireyi. Anayambira akuluakulu n'kumalizira Nedim, maso ali pansi.

Nedim anamwako. Nkhope sinasinthe, khosi lokha ndi lomwe linagwira ntchito. Anamwanso. A Remzi anamwetulira ngati munthu yemwe ng'ombe yake ikukoka bwino.

A Sabahat sanamwetulire. Ankayang'ana m'mlomo mwa kapu ya mwana wawo, momwe munali mbee ndi mchere wosasungunuka. Anadzuka, mawondo omwe aja, n'kudutsa pakati pa balaza. Analanda kapu ija, analawa, kenako anaimwa yonse mpaka matope a pansi. Anaibweza pa kambale kake bwinobwino.



"Mayi," anatero Nedim chapansipansi.

"Mayi, khofi ameneyo sanali wanu," anatero a Hikmet. "Kuyambira m'masiku a mafumu athu akale, masultani..."

"Masultani anali ndi impso ziwiri. Mwana wangayu ali ndi imodzi, ndipo imodziyo ndi yotopa. Dokotala anati mchere asauyandikire. Ine ndinati supuni imodzi ndipirira, poti ndi mwambo. Koma umu munali nyanja yanu yonseyi."

A Remzi anaona kuti nyumba ikupsa ndipo anaganiza zopulumutsa chomwe angathe. Anaimirira, anamanga batani la jekete.

"Mwa lamulo la Mulungu ndi mawu a Mneneri wake, ife tabwera kudzapempha..."

A Hikmet anakweza dzanja.

"Mawuwo sungani, a Remzi. Akatuluka onse ndiyenera kuwayankha, ndipo sindifuna kuyankha mlendo zowawa m'nyumba mwanga." Anatembenukira kwa Nedim. "Perihan amadziwa?"

Nedim anayang'ana kapeti.

"Ayi, bambo."

Perihan anali chiimire pakhomo, thireyi yopanda kanthu ataigwirira pachifuwa. Sanalire. Anayang'ana Nedim ngati munthu amene akuwerenga kalata yomwe anaiwerengapo kale kwina.

A Hikmet ananyamula thireyi ya chokoleti ija n'kuiika m'manja mwa a Remzi. Anaperekeza alendo mpaka pachipata, mwaulemu wonse, osatchula mwala ngakhale umodzi. Anthu a m'mazenera ataona chokoleti chikubwerera kusiteji sanafunenso wowafotokozera.

* * *

M'mawa mwake bambo ndi mwana anakhala pakhonde la pamwamba, tiyi akuzizira m'timatambula.

"Usandiyang'ane choncho. Impsoyo sindinamuchotse ndine," anatero a Hikmet.

"Sindinanene kanthu, bambo."

"Chimenecho ndiye chikundisowetsa mtendere. Mayi ako akakhala chete chonchi ndinkadziwa kuti ndigona ndi njala."

Perihan sanaseke. A Hikmet anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwaika pathebulo. Opanda magalasi amaoneka ngati nkhalamba wamba.

"Ndinkakuona, Perihan. Unkayesa ndili m'mabuku, koma ndinkamva ukutembenuza mayi ako, ndinkamva ukubuula ndi msana. Ine ndinkathawira ku linga kukauza alendo za anthu omwe anafa kalekale, chifukwa wodwala wa m'nyumba muno ankandilaka. Zaka zisanu ndi zitatu ndinakubera ine. Sindingakupereke ndi dzanja langali kuti ukayambirenso."

"Nthawi imeneyo simunandifunse ngati ndikufuna."

"Sindinakufunse."

"Leronso simukundifunsa."

"Leronso ayi. Koma lero ndikudziwa chomwe ndikuchita."

Masana Perihan anapita kusitolo ya mankhwala. Anadikira mayi wina agule mafuta a nyamakazi atuluke.

"Nedim mankhwala ake amagula pano?"

"Za odwala sitiulula," anatero Nurten.

"Koma mchere mumawerenga."

Nurten analongedza timabokosi tiwiri tomwe tinali tolongedzeka kale.

"Ndimafuna udziwe usanavale mphete. Ukanandithokoza."

"Ukanangondiuza pakamwa."

"Ukanati nsanje."

"Nanga si nsanje?"

"Ndi nsanje, inde. Koma tamvera, mnzanga. Iwe odwala unatopa nawo. Ine ndi ntchito yanga. Ndikudziwa piritsi lomwe amamwa m'mawa, la masana, ndi lomwe amaiwala. Iwe ukudziwapo chiyani, kupatula mtengo wa uchi?"

Tsiku limenelo Nedim anatumiza mauthenga asanu ndi limodzi. Perihan anawerenga onse, sanayankhe ngakhale umodzi. Lachiwiri malo a uchi kumsika anali opanda munthu. Lachitatu m'mawa anauza bambo ake, mosabisa, kuti akupita ku Yelkaya kukamva nkhaniyi kwa mwini wake ndipo abwera ndi minibasi yamadzulo. A Hikmet anakana katatu, anatchula dzina la banja kawiri, kenako anamufunsa ngati ali ndi ndalama yokwerera.

* * *

Msewu wa ku Yelkaya umakwera mokhotakhota kwa ola ndi theka. Nyanja imaoneka, imabisala, imaonekanso itachepa, kenako nkhalango imakutsekera. Minibasi yake ndi imodzi. Imafika kumudziko masana, imabwerera folo koloko, ndipo ikachoka ndiye mpaka mawa.

Perihan anapeza Nedim kumapeto kwa mudzi, pakati pa ming'oma ya njuchi, atavala chophimba kumaso.

"Usayandikire, zakwiya lero," anatero Nedim.

"Si zokhazi."

Anavula chophimba chija. Anakakhala pa chipika chapatali pang'ono, pakati pawo pali malo okwanira munthu wachitatu.

"Unkati udzandiuza liti? Ana atabadwa?"

"Loweruka ndinalemba. Ndinafufuta. Ndinalembanso."

"Ndinaona. Foni inkangoti akulemba, akulemba. Ine n'kumati akundilembera zachikondi."

"Dokotala akuti zaka ziwiri, mwina zitatu. Kenako makina otsuka magazi, katatu pa sabata, kuchipatala chachikulu. Nyengo yozizira msewu uwu umatsekeka ndi chipale chofewa, ndiye njuchizi ndidzagulitsa, ndidzakhala munthu wapampando. Ndinkadziwa kuti ndikakuuza udzayamba kundiyang'ana mmene unkayang'anira mayi ako."

"Unandionapo ndikuyang'ana mayi anga?"

"Ayi. Koma ndikuona mmene ukundiyang'anira panopa."

Perihan anatembenuzira nkhope kunkhalango.

"Mayi anga amandiyang'ana m'mapazi ngati atupa," anapitiriza Nedim. "Amalume amandilanda chilichonse cholemera, ngakhale ndowa yopanda madzi. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti akandiona aziona wogulitsa uchi wodula."

"Ndi wodula zoona."

"Mabotolo aja unatani nawo?"

"Ali m'kabati. Onse khumi ndi anayi."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwa anthu a pamaliro.

"Chandipweteka si impsoyo," anatero Perihan. "Nurten ankadziwa. Anaima pambali panga akuwerenga masupuni, akudziwa chomwe ine sindikudziwa za mwamuna wanga."

"Nurten amagulitsa mankhwala, basi."

"Akudziwa ndi piritsi lomwe umaiwala."

"Ndiye azindikumbutsa iyeyo. Amalipidwa."

"Usaseleule, Nedim."

Nedim anathyola kamtengo, n'kukathyolanso.

"Bambo ako anachita bwino. Ine ndikanakhala iwo, chokoleti chija ndikanachiponya m'nyanja. Unapereka kale zaka zisanu ndi zitatu. Zotsalazi ndi zako."

"Ngati ndi zanga, ndizipereka komwe ndikufuna."

"Osati kwa ine."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Sindikukufunanso."

"Bwereza ukundiyang'ana."

Nedim anabwereza akuyang'ana ming'oma. Kenako anaimirira, anavalanso chophimba chija, mawu ake n'kumatuluka ngati a munthu wa kuseri kwa chitseko.

"Pita kwa mayi ukamwe tiyi. Minibasi ichoka folo koloko. Usaiphonye."

* * *

Nyumba ya a Sabahat ndi yamatabwa, yoyang'ana pabwalo pomwe pamaima minibasi. Perihan anawapsompsona dzanja n'kuligunditsa pachipumi. Mayiwo anamuloza mpando pafupi ndi mbaula, anamuikira tiyi ndi buledi wa chimanga, n'kubwerera kokaduladula kabichi wakuda.

"Khofi wako ndamumva m'mimba masiku awiri," anatero.

"Pepani, mayi. Sindinadziwe."

"Ndikudziwa kuti sunadziwe. Thovu lake linali labwino. Dzanja uli nalo."

"Munandichititsa manyazi pamaso pa tauni yonse."

"Inde. Ukadzabereka udzachititsanso wina manyazi. Idya."

Perihan anatuluka kukasamba m'manja kuseri. Ali komweko anamva njinga yamoto ikulira, ikutsika ndi msewu. Sanalabadire. Anabwerera n'kutenga mpeni wina, n'kuyamba kuthandiza kudula kabichi osauzidwa.

Folo koloko itakwana dalaivala analiza hutala.

"Ikukuitana," anatero a Sabahat osakweza mutu.

"Ndamva."

Kwathu kuno, kumapiri ndi kunyanja komwe, mtsikana akagona usiku umodzi pansi pa denga la mwamuna ndiye kuti wathawira ukwati. Agone ndi apongozi, agone m'khola, agone chiimire, zonsezo anthu safunsa. Bambo ake amatsala ndi njira ziwiri: kuvomera ukwatiwo atazyolika, kapena kunena pagulu kuti alibe mwana.

Hutala inaliranso.

"Mwanawe, ukudziwa chomwe ukuchita?"

"Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mayi."

"Ine ndinachita zomwezi ndili ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Bambo anga anamwalira osandilankhula."

"Munanong'oneza bondo?"

"Masiku ena. Lachisanu makamaka." Anakankhira kabichi m'poto. "Wanena chiyani kunjuchi kuja?"

"Wati sakundifunanso."

"Akukuyang'ana?"

"Akuyang'ana ming'oma."

"Ndi bambo ake enieni."

Dalaivala analiza kachitatu, anayang'ana kunyumbako nthawi yaitali, poti nayenso ndi wa ku Amasra ndipo akudziwa amene anabwera naye. Kenako anatseka chitseko. Akazi awiriwo anaima pazenera n'kuiona minibasi ikukhota koyamba, ikukhota kachiwiri, mpaka inalowa m'nkhungu yomwe inali itayamba kukwera kuchokera kumusi.

Perihan anapuma mozama. Nkhope yake inali yowala kuposa mmene tinaionera m'zaka khumi.

"Tsopano anene akundiyang'ana," anatero. "Amabwera nthawi yanji kuchokera kunjuchi?"

A Sabahat anapukuta mpeni pa epuloni.

"Sali kunjuchi."

"Ali kuti?"

"Njinga yamoto unaimva ija ndi ya a Remzi. Watsika nayo. Wati akafike kwa bambo ako iwe usanafike, akawapsompsone dzanja, akawauze kuti wakumasula, kuti usakafikire kukalipidwa."

Perihan anagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Munadziwa?"

"Anandiuzira pazenera ili, iwe uli kosamba m'manja."

"Bwanji simunandiuze?"

"Minibasi inali isanachoke."

Anayang'anana. A Sabahat sanaphethire.

"Ndine mayi woipa, ndikudziwa. Koma ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo mawondowa unawaona. Makina aja akadzayamba, ndani adzamugwire dzanja? Wa m'sitolo uja? Ameneyo amakonda matenda ake. Iwe wakhala."

M'mudzi wonsewo galimoto munalibe, ndipo njinga yamoto inali yomweyo. Wapansi msewu umenewo, nkhungu itakuta, sayendamo ngakhale alenje. Perihan anatuluka n'kukaima pakona ya khonde, malo okhawo pomwe foni imagwira. Anaimbira Nedim kasanu. Inkangoitana. Anapeza nambala ya bambo ake, anaiyang'ana, chala chinakana. Anaima pomwepo mpaka faifi koloko, mapazi atazizira, ng'ombe za m'mudzi zikulowa m'makola.

Ndiye foni inanjenjemera m'manja mwake. Anali a Hikmet, omwe uthenga amaulemba ngati kalata ya kuboma.

"Mwana wanga Perihan. Nedim anafika. Wabweza mawu ake, ine ndalandira, tamwa tiyi ngati amuna. Ndi mnyamata waulemu ndipo ndamulirira. Nkhaniyi yatha bwino, palibe wonyozeka. Panopa ndaima pasiteji kudikira minibasi ya ku Yelkaya. Ndakutengera juzi, kuno mphepo yayamba. Bambo ako."

Perihan anawerenga kawiri. Minibasi inali itatsala ndi theka la ola kuti ifike pasiteji ya kudoko, pomwe madzulo ngati amenewa tauni yonse imakhala panja ikumwa tiyi.